Musanagule chitofu cholowetsa mu fireplace ya njerwa, yambani mwaona chumuni

Nyumba zambiri zakale za ku Britain, makamaka zija zogundizana mzere umodzi za ku Leeds, Manchester, Leicester ndi Nottingham, zili ndi malo osonkhapo moto omangidwa m'khoma la pabalaza, amene eni dziko amati fireplace. Ena anatsekedwa ndi bolodi kalekale, ena akadali kukamwa yasa. Kuzizira kwa Januwale kukafika m'mafupa, bilu ya gasi n'kubweranso pamwamba, maso amathamangira pabowo lija. Zimene talemba pano n'zimene takhala tikuona pa ntchito yoika zitofu zotseka m'malo oterewa, ndipo cholakwika chimene chimabwerabwera n'chimodzi: anthu amayamba ndi kusankha chitofu chokongola pa intaneti, chumuni n'kudzachikumbukira katundu atafika kale pakhomo. Chumuni ndiye chimalamula kukula kwa chitofu, mtundu wake, ndi ndalama zimene mudzawononge.

Moto wongosonkha poyera mu fireplace umasangalatsa maso koma sutenthetsa nyumba. Kutentha kochuluka, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, kumakwera ndi utsi. Choipa china n'chakuti chumuni chotseguka chimakoka mpweya wofunda wa m'chipinda usana ndi usiku, ngakhale moto kulibe, ndiye mumalipira gasi wotenthetsa kunja. Chitofu chotseka cha chitseko cha galasi chimatembenuza zimenezi: zamakono zambiri zimasunga m'nyumba maperesenti 75 mpaka 80 a kutentha kwa nkhuni, chifukwa mpweya wolowa pamoto mumachita kuuyeza ndinu.

Funso loyamba si la ndalama, ndi la chilolezo. Ngati mukuchita lendi, musakhudze chilichonse mwininyumba asanavomere, ndipo avomere molemba. Amene anagula fulati pa leasehold, kutanthauza kwa zaka zowerengeka pamene nyumba yonseyo ili ndi mwini wake, awerenge mapepala awo, chifukwa kawirikawiri chumuni ndi denga si zawo. Kenako funsani ku khonsolo ngati dera lanu lili m'gulu la Smoke Control Area, madera amene lamulo limaletsa utsi wa m'chumuni. Madera amenewa anabwera ndi lamulo la Clean Air Act la 1956, utsi wa malasha utapha anthu masauzande ku London mu Disembala 1952, ndipo mizinda ikuluikulu yambiri ili m'gululi. M'dera lotere nkhuni zimaloledwa m'chitofu chokhacho chimene chili pa mndandanda wa zitofu zovomerezeka wa DEFRA, unduna woona za chilengedwe. Ku England, m'madera otere khonsolo ikhoza kukulipiritsani mapaundi 175 mpaka 300 chumuni chanu chikamatulutsa utsi wambiri. Komanso kuyambira pa 1 Januwale 2022 chitofu chatsopano chilichonse chogulitsidwa chiyenera kukwaniritsa muyezo wa Ecodesign, woona za kuchepa kwa utsi ndi kusunga kutentha. Ziwirizi n'zosiyana, ndipo apa ambiri amasokonezeka: kukhala ndi Ecodesign sikutanthauza kuti chitofucho chili pa mndandanda wa DEFRA. Fufuzani dzina lenileni la chitofucho pa mndandandawo. Manambala a lamulo amene titchule m'munsimu achokera m'malamulo omangira nyumba a ku England, gawo lotchedwa Part J. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo.

Tsopano chumuni. Itanani wosesa chumuni wodziwa ntchito, asese, alowetse kamera, ayesenso ndi utsi. Musadumphe zimenezi ngakhale mutasuzumira m'munsi n'kuona kuwala kumwamba. Zumuni za nyumba zomangidwa zaka za m'ma 1960 zisanafike pakati nthawi zambiri zilibe paipi m'kati. Ndi njerwa basi, bowo la mamilimita pafupifupi 225 mbali zonse, lomatidwa ndi dothi la laimu. Pakapita zaka 100, mwaye ndi chinyezi zimadya dothi lija, limayoyoka ngati mchenga. Mukapeza mulu wa mchenga wakuda pansi pa fireplace, ndi dothi limenelo. Pakati pa bowo lanu ndi bowo la chipinda chogona cha pamwamba, kapena la aneba, pamangokhala kakhoma ka njerwa imodzi yogoneka cham'mbali. Kakhomako kakabooka, utsi wa pabalaza umatulukira kuchipinda kwa ana. Kuyesa ndi utsi kumagwira zimenezi: amayatsa kambulu kotulutsa utsi pansi, n'kutseka pamwamba, wina n'kumazungulira zipinda zonse mpaka kudenga kuona ngati utsi ukudontha.

Kwerani kudenga m'kati, muone ndi maso anu. Nyumba zambiri zakale eni ake akale anagwetsa khoma la chumuni m'chipinda cha pamwamba kuti apeze malo a wadilopu, fireplace ya pansi n'kuisiya ilipo. Panja mumaona chumuni, pabalaza mumaona bowo, koma pakati palibe njira. Onaninso pamwamba penipeni: mphika wa chumuni ulipo, kapena anauchotsa n'kumatapo simenti? Njerwa zapendekeka? Chisa nachonso n'chofala. Mbalame zotchedwa jackdaw, zonga akhwangwala aang'ono, zimaponya timitengo m'chumuni mpaka kudzaza mamita angapo, ndipo lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuchotsa chisa chimene mbalame zikugwiritsa ntchito. Mukachipeza mu Epulo, mudikira mpaka kumapeto kwa Ogasiti. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi yabwino kuiyamba nyengo yotentha ikutha, osati mu Novembala pamene amisiri onse atanganidwa.

Kutalika kwa chumuni kukhale mamita 4.5 kapena kuposa, kuyambira pamwamba pa chitofu. Chachifupi sichikoka bwino, ndipo nyumba zopanda chipinda chapamwamba zimavutika ndi zimenezi.

Mukatsimikiza kuti njira ya utsi ilipo, bwerani pakamwa pa fireplace. Chimene mukuona si bowo lenileni. Mafireplace ambiri a ku Britain pakamwa pake ndi mainchesi 16 m'lifupi ndi 22 m'litali, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 400 ndi 560, ndipo kumbuyo kuli chidothi chowotcha chopendekera chotchedwa fireback. Kuseri kwa chidothicho kuli zinyalala za njerwa zimene omanga anathiramo, ndipo mukazichotsa mumapeza bowo lalikulu la omanga, limene likhoza kufika mamilimita 900 m'lifupi. Musanamenye hamala, dziwani zinthu zitatu zimene zimabisala kumeneko. Choyamba ndi thanki yachitsulo yotenthetsera madzi, back boiler, imene nyumba zambiri zinali nayo ndipo inangodulidwa mapaipi n'kusiyidwa. Ikatsala ndi madzi m'kati, yotsekeka, moto n'kuyaka kutsogolo kwake, imaphulika. Bungwe loona za chitetezo pa ntchito la HSE linachenjezapo za ngozi imeneyi. Iyenera kuchotsedwa, osati kungoiphimba. Chachiwiri ndi paipi ya gasi ya chitofu chakale, imene ikhoza kukhala ikadali ndi gasi. Imeneyo aidule ndi mmisiri yekhayo wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi. Chachitatu ndi asbestos. Britain inaletseratu asbestos mu 1999, ndiye bolodi lotuwa lakale lotseka bowo, kapena chingwe choyera chomata m'mbali, musachiswe musanachiyezetse.

Pamwamba pa bowo pali mtanda wa konkire, wachitsulo kapena njerwa zopindika ngati uta, umene wasenza khoma lonse la chumuni. Mukafuna kukweza bowo kupitirira mtandawo, pafunika kuika wina watsopano kaye khoma litachirikizidwa. Poyeza, yezani m'lifupi katatu: pansi, pakati ndi pamwamba, komanso kutsogolo ndi kumbuyo. Yezani kuya kwake pansi ndi pamwamba. Mabowo akale sakhala owongoka, ndipo nambala yogwira ntchito ndi yaing'ono kwambiri pa zonsezo. Jambulani zithunzi tepi ili pomwepo, mupite nazo kwa wogulitsa.

Zitofu zolowa m'bowo lotere zili m'magulu atatu. Pali inset yaing'ono yopangidwira pakamwa pa mainchesi 16, ndipo zina mwa izo kumbuyo n'zopendekera kuti zilowe fireback isanachotsedwe. Ubwino wake ndi wakuti simugumula zambiri, koma chipinda chake cha moto n'chochepa, nkhuni zake zimafunika zazifupi, mwina masentimita 20 mpaka 25, ndipo mumaikamo pafupipafupi. Pali cassette, bokosi la zitsulo ziwiri, lina m'kati mwa linzake. Mpweya wozizira umalowa pansi, umazungulira pakati pa zitsulozo, n'kutuluka pamwamba uli wotentha. Imafuna kuchotsa fireback, koma imakhala ndi galasi lalikulu ndipo imafalitsa kutentha bwino. Zina zili ndi fani, imene imafuna waya wa magetsi ndipo imamveka kaphokoso usiku. Gulu lachitatu si lolowetsa kwenikweni: ndi chitofu choima pachokha chimene mumachiika m'bowo lalikulu lija mutalitsegula lonse.

Ife tikafunsidwa, timayang'ana khoma. Ngati chumuni chili pakhoma lakunja kwa nyumba, chitofu cholowetsa chopanda chotchinga kutentha kumbuyo chimatenthetsa njerwa zakunja, ndipo mbali ina ya nkhuni zanu imathera pabwalo. Pamenepo cassette yotchingidwa bwino, kapena chitofu choima pachokha, n'zabwino. Ngati chumuni chili pakati pa nyumba, kutentha kolowa m'njerwa sikutayika, kumabwerera pang'onopang'ono moto utazima. Pabalaza pakakhala popanikiza, ana akuthamangathamanga, inset imapambana chifukwa situlukira kunja kwa khoma. Galasi lake limaotchabe koopsa, ndiye mpanda wotchingira ana ndi wofunika pa mtundu uliwonse.

Pa kukula kwa chitofu m'pamene anthu ambiri amadzipweteka okha, ndipo tikhalapo pang'ono. Mtima umati gula chachikulu, ukachepetsa moto ukafuna. Chitofu cha nkhuni sichiyenda choncho. Chinapangidwa kuti chiziyaka mwamphamvu, malawi owala, kuti utsi womwewo upse m'kati. Mukagula cha makilowati 8 m'chipinda chofuna makilowati 4, pakatha ola limodzi aliyense akutuluka thukuta, ndiye mumatseka mpweya. Moto umayamba kunyeka m'malo moyaka. Utsi wosapsa umadetsa galasi, umakwera m'chumuni uli wozizirirapo, n'kumata phula lakuda m'paipi. Phula limenelo ndi limene limadzayaka tsiku lina chumuni n'kulira ngati ndege. Chitofu chaching'ono choyaka mokwanira chimadya nkhuni zochepa, chimadetsa pang'ono, ndipo chimakhalitsa.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Chulukitsani m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wa chipinda m'mamita, yankho mugawe ndi 14. Pabalaza pa mamita 4.5 ndi 4, denga lili pa mamita 2.6, pamatuluka 46.8, ndipo kugawa ndi 14 kumapereka makilowati pafupifupi 3.3. Nyumba ikakhala ya makoma a njerwa opanda chotchinga kuzizira, mawindo a galasi limodzi, mphepo ikulowa pansi pa zitseko, gawani ndi 10, mupeza 4.7. Ndiye chipinda chimenechi chimafuna chitofu cha makilowati 4 kapena 5, osapitirira. Ngati pabalaza ndi podyera anaziphatikiza, kapena masitepe amayambira momwemo, werengerani malo onsewo, chifukwa kutentha kumakwera masitepe msanga. Koma musayembekeze kuti chitofu chimodzi chitenthetsa zipinda zogona zotseka zitseko. Chimatenthetsa chipinda chimene chilimo, zina zimangolandira zotsala.

Nambala ya 5 ili ndi tanthauzo linanso. Moto umapuma mpweya wa m'chipinda, ndipo Part J imati m'nyumba yakale yolowa mphepo, chitofu chopitirira makilowati 5 chiyenera kukhala ndi bowo losatsekeka lolowetsa mpweya kuchokera panja, masikweya milimita 550 pa kilowati iliyonse yopitirira 5. Cha makilowati 8 chimafuna 1,650. Nyumba zatsopano zothina, kawirikawiri zomangidwa kuyambira 2008, komanso zakale zimene anazimata kwambiri ndi mawindo atsopano, zimafuna 550 pa kilowati iliyonse kuyambira yoyamba. Bowo limeneli anthu amadana nalo chifukwa limalowetsa kamphepo, ndipo taona ambiri atalitseka ndi nsanza kapena kuikapo sofa. Musatero. Ngati kamphepoko simukufuna, sankhani chitofu chokhala ndi polumikizira paipi yotenga mpweya panja mwachindunji. Chenjeraninso ndi fani yokoka utsi wa kukhitchini: ngati khitchini ndi pabalaza zili pamodzi, faniyo ikhoza kukoka utsi kuchokera m'chumuni kubwerera m'nyumba. Woika chitofu ayenera kuyesa fani ili yoyatsa, zitseko ndi mawindo zili zotseka.

Paipi yachitsulo yopindika imene amaitsitsa m'chumuni, flue liner, si nthawi zonse lamulo limaikakamiza ngati chumuni chapambana mayeso. Komabe pa chitofu cholowetsa, ife timati ikani. Utsi wa chitofu chotseka ndi wochepa komanso wozizirirapo kuyerekeza ndi wa moto wapoyera. Ukatuluka m'kamwa mwa mamilimita 125 n'kulowa m'bowo lalikulu la njerwa zozizira, umachedwa, umazizira, n'kusanduka madzi akuda onunkha amene amalowa m'njerwa mpaka kudzaoneka ngati mabanga achikasu pakhoma la kuchipinda. Mabanga amenewo penti sawabisa. Chinanso, inset ikalowa imatseka bowo lonse, ndiye popanda paipi yolumikiza bwino, mwaye wogwa umaunjikana pamwamba pa chitofu, pamalo otentha amene wosesa sangafikepo.

Kukula kwa paipi ndi mamilimita 150, kapena 125 ngati chitofu chili pa mndandanda wa DEFRA ndipo wopanga akulola. Isachepe kuposa kamwa la chitofu. Zitsulo zake zili mitundu iwiri yodziwika, 316 ndi 904. Ya 316 imakwanira ngati muzisonkha nkhuni zouma zokha. Ya 904 ndi yodula koma imapirira asidi wochokera m'malasha opanda utsi. Onetsetsani kuti ndi paipi ya zikopa ziwiri yopangidwira nkhuni. Ya gasi ndi yopyapyala ndipo imapsa. Ngati m'chumuni muli kale paipi ya chitofu cha gasi chakale, ichotsedwe. Paipi ili ndi muvi wosonyeza mbali yoloza kumwamba, ndipo ikaikidwa chadodolido phula limalowa m'mizere yake n'kuidya msanga. Pa chumuni cha khoma lakunja, kapena chachitali kwambiri, paipi ikulungidwe ndi chofunda chake kapena athire vermiculite, timiyala topepuka totchinga kutentha, mozungulira, kuti utsi ufike pamwamba ukadali wotentha. Pamwamba paikidwe chipewa chotchinga mvula ndi mbalame chimene chimagwiranso paipiyo. Pokonza bajeti dziwani kuti paipi, makwerero kapena nsanja yokwerera padenga, ndi malipiro a amisiri, zikaphatikizana nthawi zambiri zimafanana kapena kuposa mtengo wa chitofu chenichenicho.

Pansi pa chitofu pamafunika konkire yochindikala mamilimita 125, yotulukira mamilimita 500 kutsogolo kwa khoma ndi 150 mbali iliyonse ya bowo. Nyumba zakale zambiri ili kale, koma ina inaphimbidwa ndi kapeti kapena matabwa, ina inang'aluka. Kuchokera pachitseko cha chitofu kufika pamene kapeti ikuyambira pakhale mamilimita osachepera 225 a mwala kapena matailosi, ndipo ife timakonda 300, chifukwa khala logwa potsegula chitseko siligwera pafupi. Shelefu yathabwa ya pamwamba pa fireplace ndi mafelemu ake a m'mbali ndi nkhani ina: buku la chitofu chilichonse limatchula mtunda wake kuchokera ku zinthu zoyaka, ndipo manambalawo amasiyana kwambiri. Awerengeni musanagule. Thabwa likamatenthedwa tsiku ndi tsiku limauma n'kumada m'kati, ndipo pakapita zaka limatha kuyaka ndi kutentha kochepa kuposa poyamba. Pulasitala wamba pamwamba pa inset amang'aluka, pamafunika bolodi kapena pulasitala wopirira moto. TV pamwamba pa cassette, pamene mpweya wotentha umatulukira, si malo ake.

Pa nkhani ya chitofu cha nkhuni zokha kapena cha multi-fuel, chololeza nkhuni komanso malasha, kusiyana kuli pansi pa moto. Nkhuni zimayaka bwino zitakhala pa phulusa, mpweya ukuchokera pamwamba. Malasha opanda utsi amafuna chitsulo cha mipata, mpweya ukuchokera pansi, ndi kabati ka phulusa. M'chitofu chaching'ono chitsulo ndi kabatiko zimadya malo a nkhuni. Ngati mukudziwa kuti muzisonkha nkhuni, tengani cha nkhuni zokha. Mukatenga multi-fuel, musasakanize ziwirizo pamoto umodzi: chinyezi cha nkhuni chikakumana ndi sulufule wa malasha chimapanga asidi amene amaboola paipi.

Poika inset, mpata wotsala kumbuyo ndi m'mbali sausiya wopanda kanthu pokhapokha wopanga atanena choncho. Ambiri amathiramo vermiculite wosakaniza ndi simenti, magawo 6 pa gawo limodzi, wonyowetsa pang'ono, kapena amaika ubweya wa miyala wopirira moto. Zinyalala za njerwa sizitchinga kutentha. Felemu ya kutsogolo imatidwe ndi chingwe chopirira moto kuti mpweya usazembere m'mbali, ndipo chitofu chimangidwe pansi ndi mabawuti kuti chisasunthe mukamakoka chitseko. Funsani wogulitsa funso ili musanalipire: kodi chumuni chimaseseka kudzera m'chitofu? Pa zambiri, chitsulo cha pamwamba m'kati, baffle, chimachoka ndi manja ndipo burashi imadutsa. Ngati sichichoka, mudzafunika kuzula chitofu chaka chilichonse.

Ntchitoyi ku England ndi Wales iyenera kudziwika ku khonsolo. Njira yachidule ndi kulemba mmisiri wolembetsedwa ku bungwe ngati HETAS, amene amasainira yekha ntchito yake n'kukupatsani satifiketi. Njira ina ndi kudziwitsa a Building Control, oyendera zomangamanga a ku khonsolo, ntchito isanayambe, kulipira, iwo n'kudzayendera. Satifiketiyo isungeni pamodzi ndi mapepala a nyumba, chifukwa a inshuwalansi adzaifuna moto ukabuka, ndipo loya wa wogula adzaifuna mukamadzagulitsa. Mmisiri asachoke asanayese kakokedwe ka chumuni, asanayatse moto woyamba inu mukuona, ndiponso asanakhome kachikwangwani kofotokoza paipi ndi chitofu, kamene kawirikawiri kamakhala pafupi ndi mita ya magetsi.

Alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha wochokera pamoto, ndi lamulo m'chipinda chimene muli chitofu chatsopano. Ikhale mita imodzi mpaka atatu kuchokera pachitofu. Padenga italikire khoma ndi mamilimita 300, pakhoma ikhale m'mwamba koma mamilimita 150 pansi pa denga. Ife ochokera kumudzi nkhaniyi timaidziwa: mu Juni ndi Julayi timamva za mabanja amene analowetsa mbaula ya makala m'nyumba, n'kutseka zitseko, osadzukanso. Mpweya wake ndi womwewo. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo mpweya umenewu ulibe fungo kapena mtundu. Mutu ukamawawa, chizungulire, nseru, anthu angapo nthawi imodzi, n'kumapepuka mukatuluka panja, tsegulani mawindo, tulukani nonse, funani thandizo la chipatala, ndipo musayatsenso mpaka chitofu chitayezedwa. Makala owotchera nyama musawaike m'chitofu, ndipo mbaula isalowe m'nyumba ngakhale mutaiika mu fireplace.

Chitofu chabwino chimaonongeka ndi nkhuni zaziwisi. Mtengo wongodula kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umataya mphamvu kuwiritsa madziwo. Nkhuni zoyenera zikhale ndi chinyezi chosapitirira maperesenti 20. Kuyambira Meyi 2021, ku England nkhuni zogulitsidwa pang'onopang'ono, zosakwana makiyubiki mita awiri, ziyenera kukhala zouma chotero, ndipo zimakhala ndi chizindikiro cha Ready to Burn. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi, kotsika mtengo. Wazani chikuni pakati, mubaye mkati mwatsopanomo, osati kunja. Mitengo ya ash ndi birch imauma msanga, oak imafuna zaka ziwiri. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma ili ndi mphamvu pafupifupi makilowati-awa 4, ndiye poganizira kutentha kotayika ndi utsi, chitofu cha makilowati 5 chimadya pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka pa ola. Chulukitsani ndi maola a madzulo onse kuyambira Novembala mpaka Malichi, muone mulu wake, kenako mudzifunse kuti muusunga pati posanyowa. Walira mvula walira matope. Matabwa opentedwa, a mpanda, zidutswa za mipando ndi mapaleti osadziwika kochokera musasonkhe. Mankhwala ake amatuluka ndi utsi, ndipo matabwa akale otetezedwa ku chiswe ndi kuola ena ali ndi arsenic.

Tinene mosabisa: ngati nyumba ili ndi gasi wotenthetsa nyumba yonse, ndipo nkhuni muzigula m'matumba, chitofu sichidzakupulumutsirani ndalama zambiri, mwina ayi n'komwe. Utsi wa nkhuni, ngakhale wa chitofu chamakono, uli ndi tinthu ting'onoting'ono tolowa m'mapapo, timene timatuluka panja kwa aneba komanso m'chipinda mukatsegula chitseko. M'nyumba muli mwana wa mphumu kapena wachikulire wodwala mtima, ganizirani kawiri. Bowo lomwelo likhoza kulandira chitofu cha gasi cha galasi lotseka, choikidwa ndi mmisiri wa Gas Safe, kapena cha magetsi, chimene chimapereka mpaka makilowati 2 ndipo sichifuna chumuni. Mukasankha cha magetsi, chumuni chitsekedwe koma musiye kampata ka mpweya pansi ndi pamwamba, apo ayi chinyezi chimamanga m'kati.

Masiku oyamba sonkhani timoto ting'onoting'ono katatu kapena kanayi, kuti penti ikhwime ndi simenti iume pang'onopang'ono. Kafungo ndi kautsi kochokera pa penti n'zachibadwa, tsegulani windo. Poyatsa, ikani zikuni ziwiri pansi, tinkhuni topyapyala pamwamba, moto muyatsire pamwamba penipeni; kutentha kumafika msanga m'paipi n'kukankha mpweya wozizira umene umabweza utsi m'chipinda. Mpweya wonse ukhale wotsegula mpaka zikuni zitagwira bwino. Powonjezera nkhuni dikirani malawi athe patsale makala ofiira, tsegulani chitseko pang'ono kaye kwa masekondi angapo, ikani chikuni chimodzi kapena ziwiri. Kudzaza chitofu n'kutseka mpweya kuti moto ugone mpaka m'mawa ndi njira yachangu yophera paipi.

Galasi likamada tsiku lililonse, nkhuni n'zaziwisi kapena mpweya wa pamwamba, umene umatsuka galasi, mwautseka kwambiri. Moto ukamathamanga osamvera zotsekera, chingwe cha pachitseko chatha: panani pepala pachitseko, likasololoka mosavuta, sinthani chingwe. Utsi ukamatuluka potsegula chitseko pamene kale sunkatero, yang'anani pamwamba pa baffle, mwina padzaza mwaye, ndipo musayatsenso musanasese. Njerwa zopepuka za m'kati zikang'aluka pang'ono zilibe vuto, koma chitsulo cha kumbuyo chikayamba kuoneka, zisintheni. Phulusa litayireni m'ndowa yachitsulo ya chivindikiro n'kuitulutsa panja nthawi yomweyo, chifukwa makala obisala m'phulusa amakhala amoyo tsiku lonse kapena kuposa, ndipo amatulutsabe carbon monoxide. Chumuni chisesedwe kamodzi pachaka nyengo yozizira isanayambe, kawiri ngati mumasonkha tsiku ndi tsiku, ndipo pepala limene wosesa amasiya muliike pamodzi ndi satifiketi ija.